Mapu a Chongoni Aphunzire Mayina Athu

Mapu a pa intaneti asintha momwe timaonera malo akale. Munthu ali pa kompyuta kapena pa foni amatha kukuza chithunzi, kuyendayenda pamwamba pa mapiri, kenako n'kudina kadontho kuti awerenge mbiri ya malowo. Luso limeneli ndimalisirira. Komabe, monga wophunzira za zilankhulo, ndimaona kuti mapuwa amalozera bwino pamene pali malo, koma amalephera kuwatchula momwe eni ake amawatchulira. M'nkhani ino ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha Chongoni, m'boma la Dedza, poonetsa kuti kukonza mapu otere kuyenera kuyambira pa mayina ndi pa anthu amene amasunga mayinawo.

Bungwe la UNESCO linaika Chongoni m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 2006. M'derali muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala. Zojambula zofiira n'za Akafula, anthu amene ankadalira kusaka ndi kutola zakudya za m'tchire. Zoyera n'za Achewa, ndipo zimakhudza chinamwali, kupempha mvula, maliro ndi Nyau. Pa mapu ambiri amene ndatsegulapo, chuma chonsechi chimangokhala kadontho kamodzi kolembedwa m'Chingerezi. Zili ngati kufunsa mayina a anthu a m'mudzi, wina n'kungokuuzani dzina la mfumu yawo.

Vuto loyamba ndi kalembedwe. Mu 1972, katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumba pa phanga lotchedwa Mwana wa Chencherere. Zolemba zina dzina lomwelo zimalilemba kuti Chentcherere. Phiri la Mphunzi nalo limapezeka lolembedwa kuti Mpunzi, chifukwa alembi akale sankaika chizindikiro cha mpweya umene timatulutsa potchula ph. Kwa ife olankhula Chichewa izi sizisokoneza, pakuti khutu limadziwa kale. Kompyuta ilibe khutu lotere. Mwana wa sukulu akalemba dzinalo monga anaphunzirira m'kalasi, mapu n'kumuyankha kuti palibe, amangoganiza kuti malowo ndi osafunika.

Anzathu ophunzira za Agiriki ndi Aroma anapeza njira yothetsera vutoli. Ali ndi kaundula wa pa intaneti wotchedwa Pleiades, amene anayambira pa buku la mapu la Barrington Atlas la mu 2000. M'kaundulamu malo amodzi amatha kukhala ndi mayina angapo, ndipo dzina lililonse limasonyezedwa chilankhulo chake, nyengo imene linkagwira ntchito, ndi umboni wake. Njirayi ndi yoyenera, poti mzinda umodzi unatchedwapo Byzantium, kenako Constantinople, ndipo lero ndi Istanbul. Mapu a Chongoni akhoza kutengera nzeru imeneyi: dzina la anthu a m'mudzi, dzina la m'mabuku a ofukula, ndi kalembedwe kalikonse kamene munthu angafufuzire.

Ine ndingawonjezepo mawu omveka. M'Chichewa, kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba mofanana koma sitizitchula mofanana. Choncho dzina lolembedwa lokha silikwanira. Munthu akadina pa Namzeze, azimva gogo wa komweko akutchula dzinalo ndi kulongosola chimene makolo ake anamuuza za malowo.

Vuto lachiwiri ndi lolemerapo. Mapu abwino ayenera kudziwanso pofunika kukhala chete. Azakhali anga, amene ndi namkungwi, nditawaonetsa pa foni chithunzi cha zojambula zoyera, anayang'ana kanthawi, kenako anati, "Mwanawe, zimenezi siziyendayenda m'thumba." Sanafotokoze zambiri, ndipo sindinafunse. Zina mwa zojambulazi ndi mwambo wa kutsimba ndi wa kudambwe. Kuziika poyera, pamodzi ndi matanthauzo ake, n'kuvula eni ake pamsika. Palinso ngozi ina: mapanga ena anawonongedwa kale ndi anthu olemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula. Mapu olozera phanga lililonse ndendende amalondolera wofufuza ndi wowononga yemwe.

Ena anganene kuti chidziwitso n'cha aliyense, ndipo kubisa kumabweza maphunziro m'mbuyo. Mfundoyi ndimaimva, koma yankho lake lilipo. Malo amene alendo amafikako kale, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, aonetsedwe bwinobwino ndi njira zake. Enawo aoneke ngati dera chabe, ndipo wofufuza wofuna zambiri apemphe chilolezo. Oweruza za chimene chioneke akhale mafumu, anamkungwi ndi akuluakulu a mwambo, mogwirizana ndi ogwira ntchito yosamala zakale m'boma. Mutu umodzi susenza denga.

Ntchito imeneyi tisaisiyire akatswiri a makompyuta okha. Kulemba mayina molondola, kujambula katchulidwe ndi kufunsa akuluakulu mwaulemu ndi zimene ife a m'dipatimenti ya zilankhulo timaphunzira tsiku ndi tsiku. Chithunzi cha phiri chochokera mumlengalenga chikhoza kujambulidwanso chaka chilichonse, koma gogo wodziwa chifukwa chimene phanga linapatsidwira dzina lake sadzatidikira mpaka kale. Pempho langa kwa aphunzitsi athu n'lakuti pa kafukufuku wa chaka chomaliza, ena mwa ife atumizidwe ku midzi ya ku Chongoni ndi chojambulira mawu, kuti akayambe kaundula wa mayina amenewa eni ake akadali moyo.