Tsiku la anamzeze pa mtsinje wa Lilongwe

Kukamacha m'mwezi wa Malichi, woyamba kufika pa mtsinje wa Lilongwe, m'munsi mwa msika wa Tsoka, ndi nantchengwa. Amaima m'matope, mutu uli zyoli, kudikirira chule. Madzi ndi ofiira, achokera kutali ku Dzalanyama, adutsa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Posakhalitsa anthu a ku Kawale, Biwi ndi Mchesi ayamba kuwoloka pa timilatho tamitengo, wina wasenza belo la kaunjika, wina lichero la zitumbuwa.

"Ya mlatho, mayi!" akutero mnyamata wotolera ndalama.

"Ndikupatsa pobwera, mwanawe, sindinagulitse kanthu."

Dzuwa likatentha, tayang'anani kumwamba. Anamzeze ali piringupiringu pamwamba pa madzi, kuwakha tizilombo touluka. Sikuti onse ndi amodzi ayi. Alipo eni mudzi, omwe amamata zisa zadothi kunsi kwa milatho ya simenti, ndipo amakhala nafe chaka chonse. Koma awa a pakhosi pofiirira, amene andanda pa mawaya a magetsi, ndi alendo. Anafika ndi mvula yoyamba kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo tsopano akudya mwakhama kuti anenepe, poti ulendo wobwerera wayandikira. Kambalame kolemera magalamu 20 okha kauluka makilomita oposa 7,000, kudutsa chipululu cha Sahara, kukaikira mazira kwawo. Kamba woyambira ulendowo ndi tizilombo ta m'mitsinje ndi m'madambo athu ano. Ine zimenezi zimandigwira mtima, ndipo ndimalakalaka ana a m'makwalalamu atazidziwa asanakoke legeni.

Masana ndi a akhwangwala, kulimbirana zotaya za ku msika. Apa mtima umawawa: majumbo akoledwa m'bango, mabotolo atseka ngalande, thovu la sopo likuyandama. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma mtsinjewu ukadali kuwameza tsiku ndi tsiku. Okumba mchenga nawo agumula magombe, ndipo bango likatha, atchete amasowa pomanga zisa.

Chakumadzulo, okonda mbalame amapita kumadamu a zonyansa ku Kauma kapena m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, komwe kuli phee. Komatu ngakhale pano, pakati pa phokoso la maminibasi ndi akabaza, akakowa amadutsa mzere, oyera mbee, kutsata mtsinje kupita kogona. Ogulitsa akumanga katundu, mnyamata wa pamlatho akuwerenga ndalama zake.

Ikamafika Meyi, alendo aja adzakhala atapita. Inu amene mumawoloka pano m'mawa uliwonse, imani pang'ono muwaone asanapite, ndipo jumbo lanulo musaliponye m'madzi.