Kuona Dziko la Ghana Baji Ili Pachifuwa

Abale anga a kuno kumudzi, a ku Chipata, a ku Tete, ndi inu amene muli kutali ku Harare ndi ku Joni, ndinalonjeza kuti ndidzalemba za miyezi 18 imene ine ndi bambo a kunyumba tinakhala ku Ghana monga amishonale achikulire a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri mumautchula kuti wa Amormoni. Za ntchito imene tinapitira ndidzafotokoza tsiku lina. Lero ndinena za masiku amene tinkatseka ofesi n'kupita kukaona malo, chifukwa ndi pa maulendo amenewo pamene ndinazindikira kuti munthu wovala baji ya umishonale saona malo ngati mlendo wamba. Pamene iye akuyang'ana, anthu nawonso akumuyang'ana, ndipo amamufunsa za mbiri yonse ya dzina limene wanyamula.

Ambiri mumadziwa anyamata aja a malaya oyera amene amayenda awiriawiri. Iwo amatumikira zaka ziwiri pansi pa malamulo okhwima. Achikulirefe zathu n'zosiyana. Banja lopuma pantchito limasankha kutumikira miyezi 6, 12, 18 kapena 23, limadzilipirira lokha, ndipo limakhala ndi ufulu wokonza tsiku lake. Ife tinachititsa lendi nyumba yathu, ana anasonkha, penshoni ya uphunzitsi ndi ya unamwino zinakwaniritsa zotsala. Ku Accra tinkathandiza kusunga mabuku a mpingo ndiponso kutumikira m'kachisi amene anapatulidwa mu Januwale 2004. Tsiku limodzi pa sabata linali lathu, ndipo nthawi zina tinkapempha chilolezo chokagona kunja kwa mzinda. Koma baji yakuda ija, yolembedwa Elder kapena Sister pamodzi ndi dzina la mpingo, tinkayenda nayo kulikonse.

Maulendo oyamba anali a chisangalalo chokhachokha. Tinakwera trotro, imene ndi minibasi yathu yomwe ija, yodzaza chimodzimodzi, kondakitala wake wokuwa chimodzimodzi. Mumsika wa Makola ndinasochera m'maso ndi nsalu. Tinalawa kenkey, nsima ya chimanga chowawasa yokulungidwa m'makoko, imene amadyera nsomba yokazinga ndi tsabola woyabwa wotchedwa shito. Bambo a kunyumba anaidya mwaulemu kwa miyezi itatu, kenako anapeza chigayo chimene chinavomera kuwagayira ufa monga mwa kwathu. Ku nkhalango ya Kakum tinayenda pa milatho 7 ya zingwe yolenjekeka pakati pa mitengo italiitali. Maondo anga ankanjenjemera, ana asukulu anali kumbuyo akundiimbira m'manja, ndipo nditafika kutsidya ndinaseka ngati namwali.

Ku Kumasi mtima unayamba kulemera pang'ono. Tinaona nyumba yachifumu ya Manhyia ndi oluka nsalu za kente ku Bonwire, koma bambo a kunyumba ankangoyang'ana misewu. Anali kuganiza za Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anagwira ntchito ya udokotala mumzinda womwewo kuchokera mu 1953, asanabwerere ku Nyasaland pa 6 Julayi 1958. Ghana inalandira ufulu pa 6 Malichi 1957 iye ali komweko akuona. Mu Disembala 1958 Kamuzu ndi Kenneth Kaunda onse anali ku Accra pamsonkhano waukulu wa anthu a mu Africa umene Kwame Nkrumah anaitanitsa. Titaimirira pamanda a Nkrumah tsiku lina, ndinaona kuti mbendera zathu za Malawi ndi Zambia zili ndi muzu wina m'dothi la kumeneko.

Ulendo umene sunandichoke m'maganizo ndi wa ku Cape Coast, mtunda wa maola atatu kapena kuposerapo kumadzulo kwa Accra. Tinapita ndi mabanja ena awiri a amishonale, azungu a ku America, anthu okoma mtima amene tinkadyera nawo limodzi. Tinayamba ndi linga la Elmina, limene Apwitikizi anamanga mu 1482, Adatchi n'kulilanda mu 1637, lisanagwe m'manja mwa Angelezi mu 1872. Kunja kwake n'kokongola zedi: makoma oyera mbee, mabwato a asodzi opakidwa mitundu, mafunde a nyanja yamchere akuswekera m'matanthwe. Mkati mwake muli zipinda za mdima momwe amayi ndi abambo ankasungidwa milungu ndi miyezi kudikira zombo.

Masana tinalowa linga la Cape Coast. Wofotokozera alendo anatitsitsira m'ndende ya pansi ya amuna, n'kuzimitsa nyali kanthawi kochepa kuti timve mdimawo m'thupi. Ndinagwira ntchito m'zipatala zaka zambiri ndipo fungo la malo amene anthu anavutikira ndimalidziwa, m'menemo likadalimo. Titatuluka anatilozera chipinda chimene chili pamwamba penipeni pa ndendeyo. Chinali tchalitchi. Eni linga ankapemphera ndi kuimba mmenemo Lamulungu lililonse, pansi pa mapazi awo anthu akufa ndi ludzu. Atanena zimenezo panali chete, ndipo ndinaona maso a gulu lonse akutsikira pa mabaji athu.

Mayi wina wakuda wa ku America, amene anabwera kudzaona khomo limene makolo ake anatulukira osabwereranso, anayandikira bambo a kunyumba. Sanakwiye. Anangofunsa kuti, kodi inu bambo, munthu wakuda, mungavale bwanji dzina la mpingo umene unkakaniza anthu akuda unsembe? Funsolo linali loona. Kufikira mu Juni 1978, pamene mtsogoleri wa mpingo Spencer W. Kimball analengeza kuti lamulolo latha, amuna akuda a mbadwo wa ku Africa sankadzozedwa unsembe, ndipo amuna ndi akazi omwe sankaloledwa kuchita miyambo ya m'kachisi. Bambo a kunyumba anali kale mphunzitsi wa ndevu zake chaka chimenecho, ngakhale anali asanamve n'komwe za mpingowu. Anayankha kuti, "Mayi, zimene mwanenazo zinachitikadi, ndipo sindingazipake mafuta. Mu 2013 mpingo unalemba poyera kuti ukukana ziphunzitso zonse zimene zinkati khungu lakuda ndi temberero. Koma ngati muli ndi nthawi, mufunse mumzinda uno za munthu wotchedwa Billy Johnson."

Joseph William Billy Johnson anali Mghana amene anawerenga Buku la Mormon mu 1964 n'kukhulupirira. Analembera makalata ku Salt Lake City kupempha amishonale, koma anauzidwa kuti adikire. Anadikira zaka 14 akulalikira, akuyenda wapansi mudzi ndi mudzi, akusonkhanitsa mipingo m'dzina la mpingo umene unali usanamulandire, ndipo likulu la ntchito yake linadzakhala Cape Coast. Lamulo lija litachotsedwa, amene anatumizidwa koyamba sanali anyamata. Anali mabanja awiri achikulire ngati ife, Rendell ndi Rachel Mabey pamodzi ndi Edwin ndi Janath Cannon. Mu Disembala 1978 Johnson ndi anzake anabatizidwa m'nyanja yomweyo imene zombo za akapolo zinkanyamukira. Patapita zaka 10 ndi theka, mu Juni 1989, boma la Jerry Rawlings linaletsa mpingowu pamodzi ndi wa Mboni za Yehova. Amishonale akunja anathamangitsidwa, matchalitchi anatsekedwa, ndipo anthu ankapempherera m'nyumba zawo kufikira chakumapeto kwa 1990. Ife a ku Malawi amene tikukumbukira zimene zinagwera a Mboni kuchokera mu 1967 tikudziwa tanthauzo la kupemphera mazenera ali otseka.

Mayi uja anamvetsera, anagwedeza mutu, anati zikomo, n'kupita. Sindikuganiza kuti anakhutira, ndipo sindikuona chifukwa choti akanakhutirira. Kuleza mtima kwa Johnson sikufafaniza lamulo limene linamudikiritsa. Koma sindingavomerenso kuti chikhulupiriro cha anthu amene anachisunga okha zaka 14 popanda mmishonale ndi katundu wa azungu. Zonse ziwirizi ndinabwerera nazo m'galimoto. Anzathu a ku America anali duu njira yonse. Titayandikira Accra, mmodzi wa amayiwo anandigwira dzanja n'kundiuza kuti iye anali mtsikana wamkulu mu 1978, ndipo asanafike kumeneko sanaganizepo kuti chaka chimenecho chinali chotani kwa anthu amene anali kunja kwa chitseko. Kuyambira tsiku limenelo ubwenzi wathu unazama, chifukwa panalibenso nkhani imene tinkailambalala.

Ine ndine wa ku Nkhotakota. Kwathu kuli mkuyu umene amati David Livingstone anakumaniranapo ndi Jumbe, Mswahili amene ankaolotsa akapolo panyanja ya Malawi m'zombo kuti ayende ulendo wautali wa ku Kilwa. Ku Ghana nkhani ya ukapolo ili ndi makoma, zitseko ndi anthu olembedwa ntchito yoifotokoza tsiku ndi tsiku. Kwathu ili m'magazi. Zidzukulu za ogwidwa ndi zidzukulu za ogulitsa zinakwatirana kalekale, zimalima mpunga m'dambo limodzi, zimaikana maliro, n'chifukwa chake nkhaniyi imanenedwa monong'ona kapena siinenedwa konse. Ku Assin Manso, pamtsinje pamene akapolo ochokera kumpoto ankasambitsidwa komaliza asanakagulitsidwe, ndinaviika mapazi m'madzi ndikuganiza za Achewa anzathu amene anaona phiri la kwawo likuzimiririka ali pakati pa nyanja. Iwo alibe khomo limene zidzukulu zawo zimabwera kudzalirapo.

Kwa inu achikulire anzanga a mpingo uliwonse amene mungatumidwe kutali, langizo langa ndi lakuti musamadziimbe mlandu mukapita kukaona malo. Simungatumikire bwino anthu amene simudziwa chimene chinawapweteka ndi chimene amanyadira. Ife tinabwerera kuofesi Lolemba tikumva mosiyana mayina a anthu amene tinkalemba m'mabuku. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho pitani maondo akadalola. Mutenge madzi ambiri, chipewa ndi mankhwala anu a tsiku ndi tsiku, ndipo mukonzekere kufunsidwa. Mukafunsidwa za chinthu choipa chimene chinachitikadi, yambani ndi kuvomera.

Titabwerera kumudzi, pa holide yoyamba tinatenga adzukulu athu anayi kupita nawo ku Nkhotakota. Tinakhala pansi pa mkuyu uja tikudya mpunga ndi chambo, agogo awo aamuna akuwafotokozera za Jumbe ndi zombo zake. Wamng'ono pa onsewo anafunsa kuti, "Agogo, nanga makolo athu anali mbali iti?" Bambo a kunyumba anandiyang'ana, chifukwa mudziwo ndi wa kwathu, ndipo ndinayamba kuwauza zimene agogo anga aakazi anandinong'oneza ndili wamng'ono.