NKHUNDA M'NYENGO YA CHISANU

M'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri la Dedza munali mnyamata wa zaka 11 amene anakonda nkhunda koposa. Atsibweni ake anali ndi khola lalikulu la nkhunda, ndipo mnyamatayo atabusa mbuzi zawo dzinja lonse, iwo anampatsa nkhunda ziwiri, yaimuna yotuwa ndi yaikazi yamawangamawanga. Anazitengera kwawo m'dengu, nazimangira khola pa mitengo inayi m'mbali mwa bwalo. Anakweza kholalo pamwamba poopa vumbwe ndi makoswe, monga anaonera kwa atsibweni. Koma za kumene makomo a khola ayenera kuyang'ana sanafunse. Anangowalozetsa ku khomo la nyumba ya amayi ake, kuti akadzuka m'mawa aziona nkhunda zake asanasukusule n'komwe. Ndipo mbali imeneyo inali ya kummwera.

Dziko la Dedza ndi lokwera, ndipo phiri lake lipitirira mamita 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mvula ikatha, anthu nakolola chimanga, chisanu chiyamba kuluma. Mu Juni ndi mu Julayi dzuwa lipendekera kumpoto, usiku utalika kuposa usana, ndipo mphepo ya mwera iomba kuchokera kummwera chakum'mawa. Masiku ena m'mamawa udzu wa m'madambo uyera mbuu ndi chisanu. Akazi opita kukatunga madzi abwera zala zitauma. Ana azungulira mafuwa ndi kukankhana, yense maso ali pa mbatata yake imene wakwirira m'phulusa. Madzulo banja lonse likhala pamoto kutonola chimanga, agogo ali kuimba nthano, ndipo palibe mwana afuna kutumidwa kunja.

Nyengo imeneyi ili kuyamba, nkhunda yaikazi ija inaikira mazira. Nkhunda siichita monga nkhuku imene idzaza chisa. Iyo iikira awiri okha, ndipo mwamuna ndi mkazi alandizana ntchito ya kufungatira. Yaimuna ilowa m'chisa dzuwa litakwera, nikhala kufikira litapendeka. Yaikazi igona pa mazira usiku wonse kufikira m'mawa. Mnyamatayo anawerenga masiku polemba mizere ndi khala pa mtengo wa khola, ndipo atalemba mizere 18 anapeza maunda awiri m'chisa.

Anadabwa powaona, pakuti sanali okongola konse. Anapiye atuluka m'dzira atavala kale, maso ali tseguke, ndipo posachedwa atsata make ndi kutola okha. Koma bunda lituluka losapenya, la khungu lofiira, la ubweya wachikasu wowerengeka, losatha ngakhale kuimirira. Silitha kutola kanthu. Lipisa mlomo wake m'kamwa mwa kholo lake, nilandira chakudya choyera chonga mkaka wowundana, chimene chipangika m'kathumba ka pakhosi m'mene mbalame isungira zakudya. Chodabwitsa n'chakuti atate a bunda ali nawo mkaka umenewu monga amake. Pakapita masiku owerengeka makolo ayamba kusakanizamo mbewu zimene zafewa m'kathumbamo.

Sabata loyamba mnyamatayo anali kuthamangira ku khola m'mawa uliwonse, misere ili m'manja, natsuka phale la madzi. Koma chisanu chinakula. Anayamba kuchedwa pamoto, ndipo belu la sukulu likalira patali ananyamuka mothamanga, ndi kungoponya diso ku khola podutsa. Madzulonso anati, "Nkhunda zili ndi mapiko; zadya kumunda." Sikuti anali mwana woipa. Aliyense amene anayesa kusiya moto m'mawa wa mu Juni adziwa kulemera kwake kwa miyendo.

Panali chinthu chimodzi chimene iye sanachidziwe. Maunda akakwana masiku ngati 10, makolo awo aleka kuwafungatira nthawi zonse, pakuti akula ndipo sakwananso bwino pansi pa mapiko. Komatu nthenga zawo zikhala zisanamasuke. Zingokhala ngati timinga pa khungu. Nthawi ya dzuwa palibe choopsa. Nthawi ya chisanu masiku amenewa ndiwo opha maunda.

Usiku wina mwera unaomba kwambiri, nubwera ndi kamvula kowaza. M'mawa mnyamatayo anaona nkhunda zonse ziwiri zili pa denga la khola zitafutukula nthenga, koma m'kati munali zii. Anakwera, napisa dzanja. Udzu wa m'chisa unali wonyowa. Bunda limodzi linali litauma gwaa. Linzake linali lozizira ngati mwala wa kudambo, mutu uli khoba, koma polikhudza linagwedeza mwendo pang'ono.

Anathamanga nalo kukhitchini ali kulira, nafuna kuliika pafupi ndi malawi a moto. Agogo ake aakazi anamgwira dzanja. Iwo anali kumtchula "amuna anga," monga achitira agogo poseka ndi adzukulu awo.

"Iyayi, amuna anga! Kodi mufuna kundiotchera ndiwo? Bwera nako kuno."

"Agogo, kafa kameneka?"

"Kakadafa sikakadaponya mwendo. Khala pansi."

Analandira bundalo, nalipukuta ndi kansalu kouma, naliika pachifuwa pawo m'kati mwa nsalu imene anafunda, napitiriza kusenda nyemba ngati palibe chachitika. Anachita mwanzeru, pakuti kanthu kakang'ono kozizidwa kafunika kufunditsidwa pang'onopang'ono. Moto waukali ukadakawauula khungu kasanatenthedwe m'kati. Mnyamatayo anakhala chete, osakhudza ngakhale mbatata yake. Phala litapsa, munamveka kakulira kakang'ono m'nsalu ya agogo.

Pamenepo iye anati bundalo lisabwererenso ku khola, koma likhale m'khitchini kufikira chisanu chithe. Agogo anakana. "Muno muli utsi, mulinso mphaka. Ndiponso adzalidyetsa ndani? Iwe uli nako kathumba ka pakhosi?" Tsono anapangana chotere: dzuwa likakwera bunda lipite kwa makolo ake likadye, ndipo dzuwa likalowa mnyamatayo alitenge, aliike m'kadengu ka sanza zouma, ligone m'nyumba kutali ndi utsi. Tsiku lomwelo anasintha udzu wa m'chisa nalibweza, naima patali mtima uli m'mwamba, poopa kuti makolo alikana. Nkhunda yaimuna inatera pakhomo, niyang'ana uku ndi uku, nilowa. Posachedwa kathumba ka bunda kanali kodzaza.

Loweruka kunabwera atsibweni, pakuti anamva za tsokalo. Sanakalipe. Anazungulira khola kawiri, natapa mankhusu pamtondo, nawaponya m'mwamba patsogolo pa makomo. Mankhusu onse anauluka nalowa m'khola.

"Waona kumene apita? Mphepo ya usiku wonse ipita komweko."

Anamasula luzi, natembenuza kholalo kuti makomo ayang'ane kumpoto, kumene dzuwa la mu Juni lidzera ndi kumene mwera sulowera. Kumbuyo anamata ndi dothi, nafolera denga ndi udzu watsopano. Mnyamatayo, pokhala mtima unali utapsa kale, anafuna kutseka kabowo kalikonse, koma atsibweni anasiya mpata waung'ono pansi pa denga. Anati khola lotsekeka konse lichita chinyontho chifukwa cha zitosi ndi mpweya wa mbalame, ndipo chinyontho chidwalitsa nkhunda koposa kuzizira. Anapala zitosi zonse, amayi a mnyamata nazitengera kudimba kukathira ku mpiru wawo. Pansi pa zisa anawaza phulusa lozizira chifukwa cha tizilombo toyamwa magazi, ndi lina anathira kuzungulira mitengo inayi ija poopa linthumbu.

Ali kugwira ntchito, atsibweni anamlangiza za nkhunda zazikulu, ndipo mawu awo anali oona. Nkhunda yaikulu siiopa chisanu kwenikweni. Thupi lake litentha kuposa la munthu: la munthu lili pa madigiri 37, koma la nkhunda lipitirira 40. Ikafutukula nthenga, monga zinachitira zija pa denga, itsekera mpweya wofunda pakati pa nthengazo ndi khungu, ndipo mpweyawo ndiwo bulangete lake. Koma mphepo ikaomba molunjika ichotsa mpweya umenewo, ndipo nthenga zikanyowa sizisunganso kanthu. Ndiponso kutentha kwa thupi kuchokera m'chakudya, monga kutentha kwa moto kuchokera m'nkhuni. Usiku wa mu Juni upitirira maola 12, ndipo nkhunda siidya mumdima. Chifukwa chake chakudya chofunika koposa m'nyengo iyi ndi cha madzulo, kuti mbalame igone kathumba kali kodzaza.

"Kumunda kuli chakudya lero," anatero atsibweni, "koma mbuzi ndi ng'ombe zili m'mapesi, ndipo posachedwa anthu atentha tchire. Nkhunda imene siipeza kanthu kwawo isamukira ku khola la mnansi, ndipo sudzatha kuiimba mlandu."

Kuyambira tsikulo mnyamatayo anapempha misere kwa amayi ake akamapeta mphale, nasakaniza ndi mawere ndi khobwe pang'ono. Chimanga chipatsa mphamvu ndi kutentha, koma maunda okula afuna za mtundu wa nyemba kuti amere nthenga. Pansi pa khola anathira mchenga wa kumtsinje, pakuti mbalame ilibe mano, ndipo imeza timiyala kuti tipere mbewu m'mimba mwake. Madzi anasintha m'mawa uliwonse. Poyang'anira anazindikira chinthu chimene sanachione ndi kale lonse, ngakhale anakulira pakati pa nkhuku ndi nkhunda: nkhuku itapa madzi pang'ono nikweza mutu kumwamba, koma nkhunda imiza mlomo niyamwa osaweramuka kufikira itakhuta. Chifukwa cha ichi anataya phale lija, naika mbale yakuya.

Kudzuka sikunapepuke ayi. Masiku ena anatuluka ali kunjenjemera, mano ali kugundana, mlongo wake wamng'ono ali kumseka pamoto ndi kumudyera mbatata. Koma kadengu kaja kanali pafupi ndi mphasa yake, ndipo bunda lanjala silimlola munthu kugona. Patapita sabata limodzi ndi theka nthenga zinakuta thupi lonse, ndipo linayamba kugona kukhola.

Chakumapeto kwa Julayi kunafika alendo ochokera ku Ntcheu, ndipo m'nyumba munalibe ndiwo zoyenera. Aliyense adziwa kuti bunda lonenepa, limene latsala pang'ono kuuluka, ndilo ndiwo yabwino ya mlendo. Amayi anaima pabwalo, nayang'ana ku khola. Mnyamatayo anaona, koma sananene kanthu, pakuti mwana satsutsa amake pamaso pa alendo. Anangogwira mtengo wa khola, maso ali pansi.

Agogo anaitana ali m'khonde. "Kameneko kasiyeni. Ndinakabereka ndine, pachifuwa panga pano. Gwirani tambala wanga wofiira uja, wandisokosera kokwanira."

Ana onse a pamudzi anathamangitsa tambalayo kufikira kuseri kwa nkhokwe. Patapita masiku anayi bunda lija linatuluka pakhomo la khola, nilikupiza mapiko nthawi yaitali, nkuuluka mokhotakhota kukatera pa denga la khitchini.