Mtsempha wa M'mwendo Ukasamutsidwira ku Mtima

Kuyambira mu 1967, pamene René Favaloro wa ku Argentina anayamba kuchita opaleshoni yolambalalitsa magazi pa mitsempha yotsekeka ya mtima ku Cleveland Clinic, madokotala akhala akudalira mtsempha wautali wa m'mwendo wotchedwa saphenous, umene amaudula n'kuusokerera pamtima kuti magazi apeze njira ina. Komatu mtsemphawu ntchito yake yachibadwa ndi yobwezera magazi ku mtima pang'onopang'ono, kotero ukaikidwa pamene magazi amakankha mwamphamvu, khoma lake lopyapyala limatanuka ndi kuvulala.

Kuvulalako kumadzutsa maselo a minofu yosalala, ndiyo minofu ya m'khoma la mtsempha imene imafinya ndi kumasuka yokha popanda munthu kuilamula. Kakhungu ka m'kati mwa mtsempha kakasupuka, tizidutswa toundanitsa magazi timamatirira pabalapo n'kutulutsa zinthu zokulitsa maselo monga PDGF, ndipo maselo a minofu aja amasiya ntchito yofinya, amasunthira cham'kati, amaswana n'kuyala kolajeni wambiri, mpaka khoma limanenepa ndipo mpata wodutsa magazi umachepa. Kunenepa kumeneku, kotchedwa intimal hyperplasia, kumakula makamaka m'chaka choyamba, ndipo ndiko kumakonzera malo mafuta amene amadzatseka mtsemphawo m'tsogolo. Pakatha zaka 10 pafupifupi theka la mitsempha yotereyi limakhala litatsekeka, pamene mwa mitsempha ya m'chifuwa yotchedwa internal mammary, imene nayonso amaisokerera pamtima, yoposa 90 pa 100 iliyonse imakhala ikugwirabe ntchito.

Mankhwala oletsa maselowa kuswana sanathandize monga momwe ankayembekezera: edifoligide, amene ankanyikamo mtsempha asanausoke, sanachepetse kutsekeka m'kafukufuku wa PREVENT IV wa 2005. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchitoyi amasamala kwambiri manja ake, pakuti mtsempha wokokedwa mwankhanza, wosendedwa mbee, kapena wofufumitsidwa ndi madzi opopedwa mwamphamvu ndi jakisoni, umafika pamtima utavulala kale. Domingos Souza wa ku Örebro, m'dziko la Sweden, anaonetsa kuti mtsempha wochotsedwa pamodzi ndi mafuta ouzungulira, osaufufumitsa, umakhalitsa wotseguka, ngakhale kuti bala la m'mwendo limavutirapo kupola. Kusenda mtsempha kumangoukongoletsa pamaso, ndipo nzeru yousiyira mafuta ake njoyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wolowa ntchitoyi. Wodwala naye ali ndi gawo lake: kumwa asipilini ndi mankhwala otsitsa mafuta m'magazi mosadukiza, ndiponso kusiyiratu fodya.