Mabwato Awiri pa Denga la Garimoto

Kwathu kuno ku Mpingu kulibe nyanja, ndipo ana athu ambiri akula osaona bwato ndi maso. Koma mseu waukulu wochokera ku Mchinji kunka ku Lilongwe upita pakati pathu, ndipo mseu uli monga mtsinje, ubweretsera munthu zimene sanaitanitse.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, dzuwa liri kuswa mtengo, ndinali kudikira matola pafupi ndi msika, ndipo inaima garimoto ya alendo awiri, bambo ndi mkazi wake, itasenza mabwato awiri pa denga. Anati achokera ku Chipata, alowera pa Mwami, nalinga ku Senga Bay, ku Salima. Mabwato otere awacha kayak. Anayamba nao ndi a Inuit, anthu a ku Greenland ndi maiko ena a chisanu, amene ankasoka zikopa za nyama za m'nyanja pa mitengo yopepuka. A masiku ano ndi a pulasitiki, ndipo anthu awiri awakweza pa denga osabuula, pamene bwato losema la asodzi athu lifuna amuna angapo kulikokera ku mtunda.

Chimene anaimira ndi ichi: lamba wina anali kulira ndi mphepo ngati njuchi. Tsono ine, pokhala munthu wokonda kufunsa, ndinasendera kukapenya mamangidwe ao.

Pa denga panali mitanda iwiri yachitsulo, ndipo mabwato anagona chafufumimba pa mitandayo. Bwato liri lonse linali ndi malamba ake awiri, wina ku mtanda wa kutsogolo, wina wa kumbuyo. Lamba adutsa pamwamba pa bwato, napita kunsi kwa mtanda pafupi peni peni ndi nthiti ya bwatolo, nabwereranso pamwamba, nalowa m'kachitsulo ka mano kamene kamluma kuti asabwerere m'mbuyo. Akoka ndi manja okha, kufikira pogwedeza bwato igwedezeka ndi garimoto yomwe. Kupyola apo iai, pakuti pulasitiki wotenthedwa ndi dzuwa aphwanyika m'kati. Kunsonga kwa bwato kunali chingwe chotsikira ku chitsulo cha kutsogolo kwa garimoto, ndi china kumbuyo, kuti ngakhale mtanda utazuka, katundu asauluke. Lamba wolira uja anangompotoza kamodzi, nati kulira kwatha. Zotsala za malamba anazimanga mfundo, zisakupize.

Ndinawafunsa chifukwa chake samanga ndi mphira za chubu monga tichita ife. Bamboyo anati mphira itanuka, ndipo mphepo ikalowa kunsi kwa katundu imtukula pang'ono pang'ono. Anationjezanso mau amene ndinawasunga: liwiro likachuluka kawiri, mphamvu ya mphepo ichuluka kanai.

Pamenepo ndinagwidwa manyazi, pakuti ndinakumbuka mlandu wanga. Zaka zitatu zapitazo ndinagula malata 8 ku Lilongwe, ndipo ine ndi mwini garimoto tinawamanga pa denga ndi mphira zomwe ndimangira thumba la chimanga pa njinga yanga. Ndinazikoka ndi mphamvu zanga zonse, ndi kudzitama kuti sindinagwetsepo katundu chiyambire. Tiri pafupi ndi Chitedze tinamva phokoso ngati bingu; lata limodzi linauluka, nilitera m'mbali mwa mseu, mapazi owerengeka kuchokera pamene panali kuyenda mai wina wobereka mwana. Maiyo sananene kanthu, anangondipenya. Kupenya kumeneko ndikukuonabe. Mphira siinalakwe, pa njinga, pamene mphepo iri yochepa, igwira nchito yake bwino lomwe. Wolakwa ndinali ine, amene ndinayesa kuti garimoto ndi njinga yaikulu.

Alendo aja anati mwambo wao ndiwo kuima atayenda makilomita 15 kapena 20 oyamba, kukhudza lamba ali yense, pakuti katundu akhazikika ndi mabampu ndipo malamba alefuka. Ndipo atero ponse pamene apumula. Kuchokera ku Lilongwe anatsala ndi makilomita oposa 100.

Maiyo anagula nthochi ndi mtedza wokazinga, bambo anagwedeza mabwato onse awiri kotsiriza, ndipo ananyamuka, ana akuthamangira m'mbuyo mwao ndi kukangana ngati zinthuzo ndi mabwato kapena mabokosi a maliro. Matola anga atafika, ndinayamba ndazungulira kumbuyo kukapenya m'mene anamangira matumba a fetereza ndi njinga ziwiri, kondakitala akundikalipira kuti ndiri kuchedwetsa anthu.