Sitima ya M'kalasi ndi Cholumikizira Chake

Ku Namwera kulibe njanji. Mseu wochokera ku Mangochi umakwera mapiri mpaka kukafika ku Chiponde, koma sitima yapamtunda imadutsa kutali chakummwera, pa njanji yochokera ku Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970. Motero mphunzitsi wa kumeneko akafika pa mutu wa zamtengatenga, amakamba za chinthu chimene ana ambiri sanachionepo, ngakhale kuti ena mwa agogo awo anachikwera popita ku migodi ya ku Joni. Chomuthandiza ndicho kupanga sitima yachitsanzo, ndipo amisiri ali nawo m'kalasi momwemo, pakuti ana amene amakhotetsa waya n'kupanga magalimoto sangalephere kupanga mabogi.

Tikamayendera ophunzira athu pa nthaŵi yoyeserera kuphunzitsa, timaziona sitima zoterezi: mabogi a mabokosi a machesi, magudumu a zitsekerero za mabotolo, mutu wopakidwa makala, mwinanso utsi wa thonje. N'zokongola ndithu. Koma kaŵirikaŵiri mabogiwo amakhala atamatidwa pa kamtengo kamodzi, kapena atamangidwa ndi ulusi wothina. Ife timati phunziro lenileni lili pa kampata ka pakati pa bogi ndi inzake, ndipo ndi pomwepo pamene ambiri amapalambalala.

Cholumikizira chakale chinali cha mphete ndi chikhomo. Kumapeto kwa bogi iliyonse kunali kamwa lachitsulo looneka ngati belu. Mphete yayitali inkaloŵa m'kamwa ili ndi linalo, ndipo chikhomo chinkatsikira m'chiboo kuti mpheteyo isatuluke. Wolumikiza ankaima pakati pa mabogi, mphete ili m'manja, kwinaku bogi ina ikubwera. Ambiri anaduka zala, ena anafera pomwepo. Mu 1873 Eli Janney wa ku America anapanga cholumikizira chogwirana chokha ngati zibakera ziŵiri zokoloŵekana, ndipo mu 1893 boma la dzikolo linakhazikitsa lamulo lokakamiza zolumikizira zosafuna munthu kuima pakati. Ku South Africa, kumene njanji zake n'zotambasuka mamilimita 1,067 monga zathu, anayamba kusintha mu 1927, ndipo kusinthako kunatenga zaka zambiri.

Nanga bwanji tikusankha chakalecho? Chifukwa chimaonetsa zonse poyera. Mwana amaona chimene chikukoka, chimene chikukankha, ndi chimene chingaphwanye chala.

Kapangidwe kake sikavuta. Dulani kachitsulo ka chitini, mukapinde ngati kamwa la ng'ona, ndi kuboola pamwamba ndi pansi ndi msomali. Ntchito iyi muigwire nokha, chifukwa chitini chodula chimacheka. Ana apinde waya wofeŵa kukhala mphete yayitali, ndipo chikhomo chikhale kamsomali kapena munga wa mthethe. Pali zinthu ziŵiri zosayenera kunyozera. Kamwa likhale pakatikati peni-peni pa bogi, apo ayi sitima idzagwa ikafika pokhota. Ndiponso makamwa onse akhale pa msinkhu umodzi kuchokera pansi. Kakatoni kamodzi kodulidwa bwino kakhale muyeso wa kalasi yonse, kuti bogi ya gulu lina igwirane ndi ya gulu linzake. Ana akaona bogi yawo ikukana kulumikizana ndi ya anzawo, amamvetsa okha chifukwa chake maiko oyandikana amagwirizana za miyeso, kuti bogi yochokera ku Nacala ikokedwe ku Limbe popanda vuto.

Apa pali vuto la masamu limene tifuna kuti mulilingalire. Sitima zachitsanzo zambiri za m'masitolo a kunja zimachepetsedwa ka 87. Tiyerekeze kuti mphete yeniyeni ndi yotalika masentimita 30: pa muyeso umenewu ikhala mamilimita osakwana 4, kanthu koti mwana wa Sitandade 5 sangakagwire, kakagwa pa dothi n'kutayikiratu. Amene amasewera ndi sitima zoterezi ngati ntchito yapamtima amalimbana nako ndi timapani, ndipo tiŵasiye atero. M'kalasi mphete ikhale mamilimita 15, ngakhale kuti yakula mopitirira bogi yake. Chofunika n'chakuti muŵauze ana poyera kuti mwaikuza dala, ndipo a m'makalasi apamwamba aŵerengere okha kuti mwaikuza kangati. Kubisa zimenezi ndiko kuŵaphunzitsa bodza.

Tsopano ikani timiyala m'mabogi asanu kapena asanu ndi imodzi, muŵakankhire pamodzi kuti mphete zikhwepe, ndipo mwana mmodzi akoke mutu pang'onopang'ono. Kalasi ikhale chete. Mudzamva kuti ke, ke, ke, bogi iliyonse ikunyamuka payokha pambuyo pa inzake. Kukhwepa kumeneku kunkathandiza mutu wa sitima kuti usanyamule katundu yense nthaŵi imodzi, pakuti kuyambitsa chinthu choima n'kovuta kuposa kukoka choyenda kale. Kunkagwedezanso okwera a m'bogi yomaliza, ndipo ngati pamudzipo pali agogo amene anakwerapo sitima, aitaneni adzafotokoze okha, kaya m'Chiyao, momwe ankadzandirira ikamanyamuka. Kenaka jambulani njanji yokhota pansi ndi choko, ndi kuyendetsapo sitima yomatidwa pa kamtengo ija pamodzi ndi ya mphete. Musanene kanthu, funsani chabe kuti yakhota ndi iti, ndipo chifukwa ninji.

Polumikiza, musalole mwana kugwira mphete ndi zala. Mupatseni kachitsotso kuti ainyamulire, monga momwe olumikiza ena akale ankachitira ndi ndodo, ndipo mnzake akankhe bogi mosafulumira. Mudzaona kuti amaphonya kaŵiri kapena katatu asanaloŵetse, ndipo apo ndi pamene mungaŵafunse kuti munthu wamkulu, usiku, mvula ikugwa, bogi yodzaza fodya ikubwera, ankatani.