Kutsidya kwa dambo, kwawo kwa agogo

Minibasi yochokera ku Lilongwe inanditsitsa pa Kamphata, pomwe msewu wa ku Nkhoma umapatukira. Pamalopo pamanunkha chipisi ndi utsi wa makala, ndipo anyamata a kabaza amakugwira chikwama usanatchule kumene ukupita. Wanjinga yamoto anati K4,000, tinagwirizana K3,000. Titasiya phula tinalowa kanjira kafumbi kodutsa m'minda yokolola kale, phiri la Nkhoma likuoneka kutsogolo, msana wanga ukuwerenga mabampu.

Ndinkafuna mbiri ya agogo aamuna, bambo a mayi anga. Amalume anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kutchula mbumba: agogo aakazi, amayi awo, amayi a amayi awowo, mibadwo isanu osapunthwa, aliyense ndi ana ake komanso munda umene ankalima. Nditafunsa za bambo awo enieni, anaseka.

"Abambo anali akamwini pano. Kwawo n'kutsidya kwa dambo. Komanso ife tinakula iwo ali ku Joni."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa thiranki yachitsulo yadzimbiri. Chivundikiro chinalira, mphemvu zinabalalika. M'kati munali ziphaso za msonkho zomanga ndi luzi, khadi la mpingo wa CCAP, chithunzi cha mwamuna wovala jekete lomukulira, ndi pepala la Wenela lokhala ndi nambala komanso chidindo cha chala. Nambalayo ikuwerengeka bwino kuposa dzina. Chaka chobadwa palibe paliponse. Amalume amangodziwa kuti ukwati unachitika njala ya 1949 itangotha, ndipo ulendo wa kumigodi unatha mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 obwerera kwawo, Kamuzu n'kuletsa Wenela kulemba anthu. Agogo sanali m'ndegemo. Anabwera ndi makina osokera ndi chifuwa chosatha.

Masana tinawoloka dambo kukaona manda a agogo, mtunda wa makilomita atatu, pakati pa madimba a mpiru ndi tomato, ziputu zikundibaya m'masandasi. Kumanda salowa mwachisawawa, choncho tinayamba taodira kwa amfumu ndi paketi ya shuga. Anatipatsa akuluakulu awiri otiperekeza.

Mudzi wonsewo mitengo inatha, koma kumanda kwatsala nkhalango yowirira, yozizira, yonunkha masamba owola, njiwa zikulira m'mwamba. Chakumayambiriro kuli ziliza za simenti, zina za matailosi, mayina ndi zaka zolembedwa bwino. Ukamalowa m'kati zilembo zimatha, n'kutsala mitumbira yophwa, pena mbale yakale yadzimbiri.

Mkulu woyamba analoza mtumbira wa pafupi ndi mtengo wa mkuyu. Mnzake anakana.

"Iyayi, apo mpa achimwene awo. Atelala ali apa."

Anatsutsana mwaulemu kwa nthawi ndithu, wina akukumbukira amene anakumba, wina mvula imene inagwa tsikulo. Ndinaona kuti kuno sawatchula a ku Joni kapena akamwini. Ndi atelala, amene ankasokera ana mayunifomu pangongole mpaka anthu atagulitsa fodya.

Anagwirizana kuti akafunse mlongo wawo wa agogo, amene akadali moyo koma anapita kwa mwana wake ku Mitundu. Amalume anali atayamba kale kuwerengera matumba a simenti omangira chiliza, ndipo anandiuza kuti awiri ndi anga.